Matenda oumitsa khosi amene anabisala kumbuyo kwa poliyo

Kale ku Ulaya, mwana akatentha thupi, mutu n'kumamupweteka, khosi n'kuuma moti chibwano osafika pachifuwa, dokotala ankayamba kulimbitsa mitima ya makolo ake. Mliri umene unabuka ku Geneva mu 1805, womwe Gaspard Vieusseux anaulemba, unkapha ana ndi achinyamata pa tsiku limodzi kapena awiri. Amene khosi linkawauma chifukwa cha TB, pafupifupi onse ankamwalira. Zonse zimene madokotala ankadziwa pa matendawa ankazionera pa mitembo: akatsegula chigaza ankapeza mafinya atayala pa nembanemba zimene zimakuta ubongo. Koma munthu amene wachira satsegulidwa chigaza. Choncho mwana akauma khosi lero, sabata yamawa n'kumasewera panja, panalibe wodziwa chimene chinamugwira. Ena ankati wachita mwayi, ena ankati dokotala ndiye anaphonya.

Chimene chinatsegula maso a madokotala ndi singano. Mu 1891, Heinrich Quincke wa ku Kiel m'dziko la Germany anafotokoza njira yotengera madzi amene amazungulira ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana, munthu ali moyo. Wodwala amagona cham'mbali, mawondo atafika pachifuwa kuti mafupa a msana atalikirane, ndipo singano imalowa cha m'chiuno, pansi pa pamene mtsempha uja umathera. Madziwo sachita kupopedwa, amadontha okha. Quincke ankafuna kupepuza ana amene madzi anawachulukira m'mutu, koma posakhalitsa anzake anaona kuti phindu lalikulu lili pa kuyang'ana madziwo. Ndi njira yomweyi imene m'zipatala zathu timati kutenga madzi a pamsana, imene achibale ambiri amaikana poti imapha. Singanoyo inangosenza mlandu wa matenda: amene amatengedwa madziwo amakhala oti adwalika kale.

Zaka zinayi izi zisanachitike, Anton Weichselbaum wa ku Vienna anali atapeza bakiteriya amene amayambitsa miliri ya mtundu wa ku Geneva uja. Tsopano dokotala ankatha kukweza kabotolo kuwindo n'kudziwa zambiri asanapite n'komwe kulabu. Madzi a munthu wabwinobwino amakhala oyera mbee. A wodwala mabakiteriya amatuluka mbuu, ngati madzi otsukira mpunga, shuga wake atatsika, ndipo akawadzala m'mbale ya kulabu mabakiteriyawo amamera. Koma panali gulu lina losokoneza mutu. Mwana wauma khosi, akusanza, kuwala sakukufuna. Madzi ake akutuluka oyera, m'kati mwake muli maselo oyera a m'magazi osonyeza kuti pali nkhondo, koma mdani sakuoneka. M'mbale simumera kanthu. Patapita sabata mwanayo akupempha chakudya.

Amene anasonkhanitsa ana oterewa n'kunena kuti awa ndi matenda paokha anali Arvid Wallgren, dokotala wa ana ku Gothenburg m'dziko la Sweden, mu 1925. Anaika zizindikiro zowadziwira, ndipo ukaziwerenga umaona kuti zambiri zikunena za chimene palibe. Matendawo ayambe mwadzidzidzi, madzi a pamsana akhale ndi maselo koma asapezeke ndi bakiteriya, khutu ndi mphuno zisakhale ndi mafinya amene akanafika kuubongo, m'deralo musakhale mliri wina wodziwika woumitsa khosi, ndipo wodwala achire msanga osatsala ndi chilema. Dzina limene anawapatsa, aseptic meningitis, likugwirabe ntchito mpaka lero. Choyambitsa chake sanachitchule, chifukwa chida chochionera kunalibe.

Oganiziridwa anali angapo. Mu 1933 Charles Armstrong anapeza vairasi yochokera ku mbewa za m'nyumba, imene imadziwika ndi zilembo za LCM, ndipo patapita zaka ziwiri Thomas Rivers ndi mnzake anaipeza m'madzi a pamsana a odwala awiri. Ambiri anaombera m'manja kuti mlandu watha. Atayeza odwala ochuluka, anapeza kuti vairasiyi ndi ya ochepa chabe. Matsagwidi nawo anapezeka kuti amaumitsa khosi, ndipo katemera wake asanabwere ankachitadi zimenezi kwa ana ambiri. Komabe gulu lalikulu linatsala lopanda mwini, makamaka la ana odwala m'miyezi yotentha. Ndipo m'miyezi yotentha ku Ulaya ndi ku America munali kale chilombo chimene aliyense ankachiopa.

Poliyo. Mu 1905 anagwira anthu oposa 1,000 ku Sweden, ndipo dokotala wachinyamata, Ivar Wickman, anayenda m'midzi khomo ndi khomo, kufunsa kuti ndani anadwala, liti, ndipo anacheza ndi yani. Anapeza chinthu chimene ambiri sanafune kuchimva: opuwala ndi ochepa poyerekeza ndi amene amangotentha thupi, kapena kuuma khosi pang'ono, n'kuchira, ndipo ochirawo ndi amene amayenda nawo matendawa kusukulu ndi m'misewu. Mu 1908 Karl Landsteiner ndi Erwin Popper ku Vienna anabaya anyani awiri ndi zidutswa za mtsempha wa mumsana wa mnyamata amene anafa ndi poliyo, anyaniwo n'kudwala, ndipo zinadziwika kuti choyambitsa ndi vairasi. Pofika 1912 gulu la Carl Kling ku Stockholm linali litaipeza vairasiyi m'matumbo a odwala ndi a anthu osadwala omwe.

Apa mbiri ikanafupika ndi zaka 25 pakadapanda mawu a munthu mmodzi wamphamvu. Simon Flexner, mkulu wa Rockefeller Institute ku New York, ankasamutsa vairasi kuchokera mu ubongo wa nyani kupita mu ubongo wa nyani wina, mobwerezabwereza, mpaka inazolowera mitsempha yokhayokha. Poona khalidwe la vairasi yoweta imeneyi, iye anagamula kuti poliyo amalowera m'mphuno n'kulunjika kuubongo. Zimene anapeza a ku Sweden zinaikidwa pambali. Mu 1937 ana pafupifupi 5,000 ku Toronto anawapopera mankhwala a zinki m'mphuno kuti atseke njira imeneyi. Poliyo sanaleke, ndipo ena mwa anawo anasiya kumva fungo. Anabwezeretsa nkhaniyi m'matumbo ndi John Paul ndi James Trask a ku Yale, amene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 anaipeza vairasi m'chimbudzi cha odwala komanso m'zonyansa za m'mipope ya m'mizinda. Mu 1941 Albert Sabin ndi Robert Ward, atapima mitembo, anatsimikiza kuti kwawo kwa vairasiyi ndi kum'mero ndi m'matumbo. Kuyambira pamenepo ofufuza poliyo anayamba kutolera chimbudzi, ndipo m'chimbudzimo ndi mmene munali yankho la funso la Wallgren, ngakhale panalibe amene ankalifunafuna.

Tiyenera kumvetsa mantha a nthawi imeneyo. Mliri wa 1916 unapha anthu pafupifupi 6,000 ku United States. Chaka chilichonse kukatentha, maiwe osambira ankatsekedwa, ana ankaletsedwa kupita kukanema, ndipo mayi ankauza mwana wake kuti agunditse chibwano pachifuwa asanagone. Mwana akalephera, ankathamangira naye kuchipatala, kumutenga madzi a pamsana, ndipo madziwo akatuluka oyera koma ali ndi maselo, m'buku ankalemba kuti poliyo wosapuwalitsa. Banja lonse linkadikira masiku angapo, kugwiragwira miyendo ya mwanayo m'mawa uliwonse. Mu 1952 dzikolo linalemba odwala poliyo 57,879. Opuwala anali 21,269. Enawo, omwe anali ochuluka, ambiri analembedwa poliyo popanda kuyeza vairasi, chifukwa kuyeza kunkafuna nyani. Anyani ankachokera ku India pa mtengo wokwera, ndipo ntchito yongofuna kudziwa kuti poliyo ali ndi mitundu ingati inadya anyani oposa 17,000 isanayankhe kuti itatu.

Kudula kwa anyaniku n'kumene kunakankhira Gilbert Dalldorf ku mbewa. Iye anali mkulu wa malabu a unduna wa zaumoyo wa boma la New York ku Albany, ndipo ankagwira ntchito ndi Grace Sickles, katswiri wa tizilombo amene anali atakhalitsa pamalopo. M'chilimwe cha 1947 kunabuka timiliri ta poliyo m'madera angapo a bomalo, ndipo zoyeza zinkabwera ku Albany. Pakati pa zimenezi panali chimbudzi cha anyamata awiri ofooka ziwalo ochokera ku Coxsackie, kamudzi ka m'mphepete mwa mtsinje wa Hudson, makilomita osapitirira 40 kumwera kwa Albany. Awiriwa anasungunula chimbudzicho, n'kuchiyeretsa kuti mabakiteriya achoke, kenako n'kubaya mbewa zoyera za kulabu. Mbewa zikuluzikulu sizinamve kanthu. Koma iwo anabayanso tiana ta mbewa tongobadwa kumene, tofiira, topanda ubweya, maso tisanatsegule, toti ukatinyamula ndi zala mkaka umaonekera m'mimba. Ntchito yake ndi yosautsa, pakuti singano ikalowa molakwika kamwanako kafa, ndipo make akanunkhiza fungo lachilendo amatha kutidya. Patapita masiku ochepa tianato tinayamba kukwakwaza miyendo, n'kufa.

Poyamba munthu akanati wapeza njira yotchipa yoyezera poliyo. Koma atadula tiana tija n'kuyang'ana pa maikulosikopu, ubongo ndi mtsempha wa mumsana zinali bwinobwino. Chimene chinaonongeka chinali minofu yeniyeniyo, thupi lonse. Poliyo sachita choncho. Iye amapha maselo a mitsempha, minofu n'kufota pambuyo pake chifukwa chosowa woilamula. Magazi a anthu ochira poliyo nawo sankaifooketsa vairasi yatsopanoyi. Mu July 1948 Dalldorf ndi Sickles analengeza m'magazini ya Science kuti apeza kachilombo kosadziwika kodutsa m'sefa, ndipo kenako anakatcha dzina la kamudzi kaja. Mu 1959 Dalldorf analandira mphoto ya Lasker chifukwa cha ntchitoyi. Dzina la Sickles lili pa pepala loyambalo, koma m'mabuku ambiri ofotokoza nkhaniyi limangozimiririka, ndipo ine sindiona chifukwa chomveka.

Labu iliyonse inayamba kuweta mbewa zoyembekezera. Ku Yale, Joseph Melnick ndi anzake Ernest Shaw ndi Edward Curnen anatenga zoyeza za ana a ku Connecticut amene mu 1948 analembedwa poliyo wosapuwalitsa kapena matenda a Wallgren aja, ndipo mu 1949 analengeza kuti mwa ambiri mulibe poliyo, muli wachibale wa vairasi ya ku Coxsackie. Wachibaleyu sankalefula tiana ta mbewa, ankatiumitsa ndi kutinjenjemeretsa, n'kuononga ubongo ndi mafuta a kumsana. Motero panabadwa magulu awiri, A wolefula ndi B woumitsa, ndipo m'kupita kwa nthawi A anakhala ndi mitundu 23, B mitundu 6. Umboni wina unabwera mosaitanidwa, pamene ogwira ntchito m'labu ya Melnick anadwala okha, ena kutentha thupi, ena kubayidwa m'nthiti moti kupuma kunkavuta. Kubaya kumeneku kunali kodziwika kale. Dokotala wa ku Denmark, Ejnar Sylvest, anakuona mu 1930 ali patchuthi pachilumba cha Bornholm, ndipo matendawo amatchedwa ndi dzina la chilumbachi. Tsopano zinaoneka kuti vairasi imodzi ikhoza kulowa m'nyumba, bambo n'kubayidwa m'nthiti, mwana wamkulu n'kuuma khosi, wamng'ono n'kungotentha thupi usiku umodzi, mayi osamva chilichonse. Chinanso chosokoneza chinapezeka pa mliri wa ku Easton m'boma la Pennsylvania mu 1949: ana ambiri opuwala anali ndi poliyo ndi Coxsackie m'matumbo nthawi imodzi. Kupeza vairasi m'chimbudzi sikunali umboni woti ndiyo yadwalitsa munthu.

M'zaka zomwezo ku Boston kunachitika chachikulu kuposa mbewa. Thomas Weller ankayesa kumeretsa vairasi ya katsabola m'timabotolo ta minofu ya munthu, ndipo timabotolo tingapo titatsala, John Enders anati athiremo poliyo. Inamera, m'minofu imene sinali ya mitsempha, zimene chiphunzitso cha Flexner chinkati sizingatheke. Enders, Weller ndi Frederick Robbins analengeza izi mu January 1949, ndipo mu 1954 analandira mphoto ya Nobel. Anaonanso kuti vairasi ikamera, maselo amene anayala bwino pagalasi amakwinyika, kubulungira, n'kusomphoka. Kabotolo kamodzi kanalowa m'malo mwa nyani wathunthu. Katemera wa poliyo wa Jonas Salk anatulukira pakhomo limeneli, koma pakhomo lomwelo panatulukiranso khamu la alendo. M'timabotolo munkamera mavairasi opha maselo mofanana ndi poliyo, koma osadwalitsa nyani, osadwalitsanso tiana ta mbewa, ndipo ambiri ankachokera mwa ana athanzi. Poti matenda awo sankadziwika, ofufuza ankawatcha amasiye, ndipo mu 1955 komiti inawapatsa dzina la ECHO n'kuyamba kuwawerenga ndi manambala. Mu 1957 poliyo, Coxsackie ndi ECHO anaikidwa m'banja limodzi la enterovirus, mavairasi a m'matumbo.

Umasiyewo sunakhalitse. Pakati pa 1955 ndi 1957 ECHO 9 anasesa Italy, Britain, Belgium, Netherlands ndi Germany, n'kuolokera ku Canada ndi ku United States, kumene mzinda wa Milwaukee unadwala anthu zikwizikwi m'chilimwe chimodzi. Anthu ankauma khosi, ana ambiri ankatuluka zidzolo kumaso ndi pachifuwa, zipatala zinkadzaza, koma maliro anali osowa. Vairasiyo inkapezeka m'madzi a pamsana enieniwo, osati m'chimbudzi mokha, ndipo umenewu ndiwo unali umboni umene unkasoweka. Lero akayeza odwala oumitsidwa khosi ndi vairasi, mwa 10 alionse amene choyambitsa chapezeka, 8 kapena 9 amakhala a banja limeneli.

Moyo wa vairasiyi ndi wosavuta kuufotokoza. Ndi kakang'ono kwambiri, ndipo alibe chikuto cha mafuta chimene mavairasi a fuluwenza ndi korona ali nacho. Kusowa chikutoku ndiko mphamvu yake: asidi wa m'mimba samupha, amakhala masiku ambiri m'madzi ndi pa zidole, ndipo mankhwala opaka m'manja a spiriti aja samugonjetsa bwino, chimene chimathandiza ndi sopo ndi madzi oyenda, omuchotsa pakhungu. Amalowa pakamwa, kuswana kum'mero ndi m'matumbo, n'kumatuluka m'chimbudzi kwa masabata angapo munthu atachira kale. Wosintha mwana thewera ndiye woyamba kumutenga. Mwa anthu ambiri nkhani imathera m'matumbo momwemo. Mwa ochepa amalowa m'magazi, n'kufika pa nembanemba za ubongo, ndipo kupweteka kwa mutu ndi kuuma kwa khosi kumachokera pa kutupa kwa nembanembazo asilikali a m'thupi akamamenyana naye. Ubongo weniweniwo nthawi zambiri saukhudza, n'chifukwa chake wodwala amakhala akuzindikira anthu, ndipo pakatha masiku 7 mpaka 10 amadzuka. Kumaiko ozizira vairasiyi imadikira chilimwe. Kumaiko otentha imayenda chaka chonse.

Katemera wa Salk atalengezedwa pa 12 April 1955, chiwerengero cha poliyo chinagwa, ndipo m'mabuku a zaumoyo munayamba kuchuluka matenda oumitsa khosi opanda mabakiteriya. Mpaka lero pa intaneti pali anthu amene amatenga mizere iwiriyi n'kumati poliyo sanathe, anangomusintha dzina. M'bodza limeneli muli kachoonadi pang'ono, ndipo n'kamene kamaliyendetsa. N'zoona kuti ana ambiri amene kale akanalembedwa poliyo wosapuwalitsa anayamba kulembedwa dzina lina. Pa mliri wa ku Michigan mu 1958, atayeza m'labu, mwa osapuwalawo, opezeka ndi Coxsackie kapena ECHO anaposa opezeka ndi poliyo. Koma chimene chinasintha n'chakuti labu inayamba kutha kusiyanitsa. Ndipo mwendo wopuwala suusintha dzina. Mawodi odzaza ndi ana ogona m'makina achitsulo owathandiza kupuma anatsekedwa chifukwa ogonamo anatha.

Pali gulu limodzi limene mawu oti matenda opepuka salikhudza, ndipo phunziro limeneli linachokera kuno kumwera kwa Africa. Mu 1952, panyumba ina yochiritsira amayi ku Johannesburg, makanda a masiku ochepa anayamba kukana bere, kupuma mothamanga, kuchita mbuu, ndipo angapo anamwalira. Powapima anapeza mnofu wa mtima utatupa, ndipo gulu la James Gear, katswiri wa mavairasi wa mumzindawo, linapeza Coxsackie B. Posakhalitsa zofananazo zinachitika panyumba ina yotero ku Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lero, kenako ku Amsterdam. Khanda la munthu linapezeka kuti lili pangozi yofanana ndi ya tiana ta mbewa ta Dalldorf. Mayi akatenga vairasiyi kutatsala masiku ochepa kuti achire, thupi lake limakhala lisanapange chitetezo choti apatsire mwana, ndiye mwanayo amalandira vairasi yokhayokha. Khanda siliuma khosi kawirikawiri. Limangotentha kapena kuzizira thupi, kulefuka, liwombo n'kutukumuka, ndipo vairasi imatha kugwira mtima, chiwindi ndi ubongo pamodzi. Izi sizinathere m'ma 1950. Mu May 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti ku France makanda 9 anadwala kwambiri ndi ECHO 11 m'miyezi yosakwana chaka, ndipo 7 anamwalira, m'zipatala zokhala ndi chilichonse.

Banjali linapitiriza kukula mpaka ofufuza anatopa ndi kugawa maina, popeza ena ankakana kukhala m'gulu limene anaikidwa. ECHO 9 yemwe uja mitundu yake ina inkapuwalitsa mbewa monga Coxsackie. Kuyambira pa nambala 68 anangoyamba kuwerenga. Nambala 70 anatulukira ku Ghana mu 1969 n'kufiiritsa maso a anthu mamiliyoni, ndipo poti chinali chaka chimene anthu anaponda pamwezi, kumeneko matendawo amawatchabe Apollo. Nambala 71 anapezeka ku California chaka chomwecho, ndipo ameneyu ndiye woopsa. Amayamba ndi timatuza m'manja, kumapazi ndi m'kamwa, koma mwa ana ena amakagwira tsinde la ubongo, mapapo n'kudzaza madzi m'maola ochepa. Anapha ana ku Bulgaria mu 1975, ku Sarawak mu 1997, ndipo ku Taiwan mu 1998 anapha 78. Mliri wa 2008 utayambira ku Fuyang, dziko la China linaikapo ndalama, ndipo kumapeto kwa 2015 linavomereza katemera wake. Pa mitundu yoposa 100 ya banjali, kupatula poliyo, ndi nambala 71 yekha amene ali ndi katemera.

Ndikuona kuti apa ndi pamene khalidwe la mbiri yonseyi limaonekera poyera. Chilichonse chimene tikudziwa pa matenda a Wallgren chinatoledwa m'njira ndi anthu amene ankathamangira kwina. Ndalama za National Foundation for Infantile Paralysis, bungwe limene Franklin Roosevelt anakhazikitsa mu 1938, n'zimene zinalipira timabotolo, ngakhale komiti yopereka maina ija. Poliyo atagonja kumaiko olemera, ndalamazo zinapita ku mavuto ena. Matenda amene sapha kawirikawiri, amene mitundu yake ndi yosawerengeka ndipo chaka chino ukubwera uwu chaka chamawa wina, sakopa wopanga katemera. Mankhwala amodzi, pleconaril, anayesedwa pa oumitsidwa khosi ndipo anangofupikitsa litsipa pang'ono mwa ena. Kampani yake inakawapempherera chilolezo ngati mankhwala a chimfine, kumene kuli msika, koma mu 2002 akuluakulu oona za mankhwala ku United States anawakana, mwa zina poopa kuti amasokoneza mapiritsi olerera. Mpaka lero chithandizo ndi kugona, kumwa madzi ndi mankhwala opha ululu.

Chimene chinapindulitsadi odwala ndi liwiro la kuyeza. Kumeretsa vairasi m'kabotolo kunkatenga sabata, yankho n'kufika mwana atatuluka kale. M'masiku odikirawo ankagona m'chipatala akulandira maantibayotiki pa diripi, ndipo dokotala sankalakwa, chifukwa pa tsiku loyamba madzi a vairasi ndi a bakiteriya amatha kufanana, ndipo wophonya bakiteriya amaika maliro. Mu 1990 Harley Rotbart wa ku Denver anasonyeza kuti njira ya PCR ikhoza kupeza kachidutswa ka chibadwa kamene pafupifupi banja lonseli limafanana, m'madontho ochepa a madzi a pamsana. Yankho linayamba kubwera tsiku lomwelo, diripi n'kuchotsedwa, mwana n'kupita kwawo. Kumene makinawa kulibe, madokotala akadali pamene panali Wallgren, kudziwa matendawa pochotsera. Kwathu kuno pochotserapo ndi patali, pakuti mwana wotentha thupi ndi kuuma khosi ayenera kuganiziridwa kaye malungo a muubongo ndi mabakiteriya, ndipo wamkulu TB ndi matenda a cryptococcus. N'chifukwa chake khosi louma si lodikira nalo pakhomo poganiza kuti ndi lopepuka lija.

Komabe mavairasi amenewa amawerengedwa m'dziko muno mwezi ndi mwezi, ndipo amene amawawerengetsa ndi poliyo. Mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wazaka zitatu wa ku Lilongwe, amene anapuwala mu November 2021, anapezeka ndi poliyo wakutchire wochokera ku Pakistan, woyamba m'Malawi kuchokera mu 1992. Chaka chomwecho ana ena 8 anapezeka naye m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Kuyambira pamenepo kufufuza kunalimba. Mwana aliyense wosakwana zaka 15 akafooka chiwalo mwadzidzidzi, a zaumoyo amatenga chimbudzi chake kawiri, kuchiika m'bokosi loziziritsa, ndipo chimakayezedwa kulabu ya NICD ku Johannesburg. M'mizinda amatunganso zonyansa za m'mipope. Koma labu ikanena kuti poliyo mulibe, munthu angadziwe bwanji ngati mulibedi, kapena vairasi inafera m'njira madzi oundana atasungunuka? Mboni yake ndi Coxsackie ndi ECHO. Popeza ana ambiri amayenda nawo m'matumbo osadziwa, lamulo la ntchitoyi limayembekezera kuti pa zoyeza 100 zilizonse, zosachepera 10 zimere enterovirus amene si poliyo. Chiwerengerocho chikatsika, akuluakulu amabwerera m'maboma kukaona mafiriji, mabokosi ndi masiku amene zoyezazo zinakhala pamsewu.